Nadzikambe Amene Ali m'Foni ya Amayi Anu

Ana inu a ku Chambe, ndi anzanu onse owerenga tsamba lino, ndiyambe ndi funso. Kodi mudaonetsetsapo zimene zimachitika mukamaonera vidiyo pa foni ya amayi kapena ya achimwene, netiweki n'kuyamba kuvuta? Chithunzi chimachita mbuu, nkhope za anthu n'kusanduka timabokosi ting'onoting'ono, koma mawu akumvekabe ndipo vidiyo ikupitirira. Pakapita kanthawi chithunzi chija chimayeranso. Foni ili pamphasa, palibe wayikhudza. Nanga wasintha zinthuzo ndani?

Yasintha ndi pulogalamu imene ikuonetsa vidiyoyo. Yaona kuti njira yodzera uthenga yachepa, ndiye yapempha chithunzi chopepuka choti chidutse msanga. Njira itatseguka, yapemphanso chithunzi chabwino. Mukatsegula YouTube n'kuyang'ana pomwe pamalembedwa manambala ngati 144p, 360p kapena 720p, mupezaponso mawu akuti Auto. Mukasankha mawu amenewo, ndiye kuti mwaiuza pulogalamuyo kuti, "Uziona wekha chochita."

Pulogalamu ndi malangizo amene munthu amalembera kompyuta kapena foni kuti izitsatira. Tiyerekeze kuti amayi akutumani kumsika wa Chitakale kuti mukagule matemba pa benchi ya mayi wina amene mumamudziwa. Mwafika, mayi uja sadabwere lero. Mwana wina amabwerera chimanjamanja, chifukwa adauzidwa za benchi imodzi yokha. Mwana wina amadziwa kuti chimene amayi akufuna kwenikweni ndi ndiwo za madzulo, ndiye amapita pa benchi ina, ndipo matemba akakhala kuti atha amagula usipa. Mapulogalamu ambiri akale adali ngati mwana woyambayo. Zinthu zikasintha pang'ono, ankangoima, kudikira munthu kuti adzawakonze. Akatswiri a makompyuta atha zaka zoposa 25 akufufuza mmene angapangire mapulogalamu onga mwana wachiwiriyo, amene amadziwa cholinga chake ndipo amasintha kachitidwe kake ali pa ntchito pomwepo. Pa Chingerezi amawatcha self-adaptive software. Ife tiziti mapulogalamu odzisintha okha.

Ndikamaganiza za mapulogalamu amenewa ndimakumbukira nadzikambe. Ambiri timati nadzikambe amasintha mtundu kuti afanane ndi tsamba limene wakhalapo, koma ofufuza za nyama adapeza kuti nkhaniyo siithera pamenepo. Kukazizira amada kuti khungu lake limwe msanga kutentha kwa dzuwa, kukatentha amayererako, ndipo akakumana ndi mnzake wofuna ndewu mtundu umasinthanso. Palibe amamulamula. Thupi lake limamva mmene zinthu zilili n'kuchitapo kanthu. Musamuiwale nadzikambeyu, tikumana nayenso, chifukwa phiri lathu la Mulanje lili ndi nadzikambe wakewake amene ali ndi mbiri yokoma.

Tikwere kaye phiri

Inu a ku Chambe mumaliona tsiku ndi tsiku thanthwe lalikulu lija limene limafiira dzuwa likamalowa. Khoma lake la kumadzulo ndi lotalika pafupifupi mamita 1,700, ndipo okwera miyala ndi zingwe amaliwerengera m'gulu la makoma aatali kwambiri mu Africa. Alendo ambiri sakwera khomalo. Amayambira ku Likhubula n'kutsata njira ya Skyline kapena ya Chapaluka, ija imadutsa cha ku Dziwe la Nkhalamba, mpaka kukafika pachigwa cha pamwamba pomwe pali nyumba yogona alendo. Amapita ndi wolondolera, amene ambiri amangomuti gaidi.

Taganizani kuti ndi mwezi wa June, gaidi ali pakati pa ulendo ndi alendo ake. Maso ake sakhala pansi pokha. Amayang'ana kumwamba, amamvetsera mphepo, amaonanso mmene alendo akupumira. Mwadzidzidzi waona nkhungu ikutsika ndipo kamphepo kozizira kayamba. Kumeneko ndiye kuyang'ana, ntchito yoyamba.

Kenako amadzifunsa kuti, "Kodi aka ndi kamtambo kongodutsa, kapena ndi chiperoni?" Chiperoni mumachidziwa, nkhungu ndi mvula yowaza imene imabwera ndi mphepo yochokera ku Mozambique m'miyezi yozizira, ndipo imatha kukhala masiku angapo. Ikagwa pa phiri, munthu satha kuona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pang'ono, ndipo miyala imaterera. Kumeneko ndiye kulingalira, ntchito yachiwiri. Akatsimikiza kuti ndi chiperoni, amakonza chochita: kodi tibwerere, tifulumire kukafika ku nyumba ya alendo, kapena tisiye zokwera nsonga lero? Ntchito yachitatu imeneyo. Yachinayi ndi kuchita chimene wasankhacho. Akatero sagona ayi, amayambanso kuyang'ana kuti aone ngati zimene wachitazo zathandiza. Ndipo ntchito zinayi zonsezi zimadalira chinthu chachisanu, chimene ndi zonse zimene gaidiyo akudziwa za phirili: mtsinje umene umadzaza msanga, mwala umene umaterera, phanga limene angabisalemo.

Mukamvetsa gaidiyu, mwamvetsa mtima wa nkhani yonse. Akatswiri amamanga mapulogalamu odzisintha okha m'njira yomweyi: gawo loyang'ana, gawo lolingalira, gawo lokonza chochita, gawo lochita, ndi nkhokwe ya zimene pulogalamuyo ikudziwa. Adatenga zilembo zoyambirira za mawu asanu a Chingerezi n'kupanga dzina lakuti MAPE-K. Ophunzira za makompyuta m'mayunivesite a maiko ambiri amajambula chithunzi cha magawo amenewa m'makope mwawo, mivi ikuzungulira ngati gudumu la njinga.

Maganizo amenewa adatchuka chifukwa cha kampani ya ku America yotchedwa IBM. M'chaka cha 2001, mkulu woyang'anira kafukufuku pakampaniyo, Paul Horn, adachenjeza kuti makompyuta akuchuluka ndi kulukanalukana kotero kuti posachedwa anthu owasamalira adzalephera kuwakwanitsa. Iye adati tiphunzire ku thupi la munthu. Mukamathamanga pabwalo la sukulu, kodi mumauza mtima wanu kuti ugunde mwamsanga? Kodi mumauza khungu kuti litulutse thukuta? Thupi limachita lokha, inu maganizo ali pa mpira. Mu January 2003, ofufuza awiri a pakampani yomweyo, Jeffrey Kephart ndi David Chess, adalemba nkhani yotchedwa The Vision of Autonomic Computing, momwe adafotokoza za makompyuta otha kudzikonzekeretsa, kudziwongolera, kudzichiritsa ndi kudziteteza okha. Sungani maina awiriwa, tiwafuna.

Tsiku limene intaneti idatsamwa

Koma nkhani imene ine ndimaikonda kwambiri idachitika kale IBM isadanene zimenezi. Mu October 1986, intaneti idali idakali yaing'ono, yolumikiza mayunivesite ndi malo ofufuzira zinthu. Mumzinda wa Berkeley ku America mudali malo awiri oyandikana, mtunda wosakwana theka la kilomita, amene makompyuta awo ankatumizirana uthenga. Mwadzidzidzi liwiro la uthenga lidatsika kuchoka pa tizidutswa 32,000 pa sekondi kufika pa tizidutswa 40 tokha. Palibe waya umene udaduka, palibe makina amene adapsa. Chidalakwika n'chiyani?

Taganizani za kamlatho kopapatiza pa tsiku la msika. Anthu achuluka, aliyense akufuna kuwoloka. Amene walephera kudutsa akukankha mwamphamvu, ndipo akamakankha ndiye kuti kutsekeka kukukulirakulira, mpaka palibe akuwoloka. Makompyuta aja ankachita chimodzimodzi. Uthenga ukasochera chifukwa cha kuthithikana, kompyuta inkautumizanso, ina nayo n'kutumizanso wake, njira yonse n'kudzaza ndi mauthenga obwerezabwereza.

Katswiri wina dzina lake Van Jacobson, mothandizana ndi mnzake Michael Karels, adapeza mankhwala ake ndipo adawafotokoza m'chaka cha 1988. Adaphunzitsa kompyuta iliyonse ulemu wa panjira. Iziyamba kutumiza pang'ono. Ikaona kuti zonse zikufika, iziwonjezera. Ikangoona kuti uthenga wina wasochera, idziwe kuti njira yadzaza, ndipo ichepetse msanga zotumiza zake ndi theka, kenako iziwonjezeranso pang'onopang'ono. Palibe wapolisi wa pamsewu amene amaima pakati pa intaneti kuuza makompyuta zochita. Iliyonse imayang'ana, kulingalira ndi kudzisintha. Mpaka lero, uthenga wa pa WhatsApp ukamachoka ku Chambe kupita kwa malume anu ku Johannesburg, umayenda motsatira malamulo amene adaphuka pa nzeru imeneyi. Ine zimandisangalatsa kuti chimene chidapulumutsa intaneti ndi khalidwe lomwe agogo athu amatiphunzitsa pamjigo, lakuti ukaona anthu achuluka, dikira, upatse mpata anzako.

Nzeru ya kudzisintha yokhayi idapitirira. Ku yunivesite ya Carnegie Mellon mumzinda wa Pittsburgh, David Garlan ndi anzake adapanga chida chimene adachitcha Rainbow, kutanthauza utawaleza, ndipo adachifotokoza m'chaka cha 2004. Pambuyo pake adachiyesa pa tsamba longoyerekeza la nkhani za pa intaneti. Owerenga akachuluka nthawi imodzi, monga zimachitikira kukagwa nkhani yaikulu, Rainbow inkadzutsa makompyuta ena kuti athandize. Akapanda kukwanira, inkachotsa kaye zithunzi n'kumatumiza mawu okhaokha, kuti aliyense awerengeko ndithu. Ndi zimene amachita mayi wanzeru alendo akafika ambiri mosayembekezera: amachepetsa mitanda kuti aliyense alaweko nsima.

Ofufuza za mapulogalamu amenewa amakumana chaka ndi chaka pamsonkhano wotchedwa SEAMS, umene udayamba mu 2006. Mu January 2008 ena mwa iwo adasonkhana pamalo otchedwa Dagstuhl ku Germany, ndipo mu 2009 adatulutsa nkhani yaitali yondandalika mafunso amene adali asadayankhidwe. Atsikana, mvetserani apa: pakati pa amene adatsogolera ntchitoyo padali amayi awiri, Betty Cheng wa ku yunivesite ya Michigan State ku America ndi Paola Inverardi wa ku L'Aquila ku Italy.

Funso lovuta kwambiri ndi ili: pulogalamu ikamadzisintha yokha, tingatsimikize bwanji kuti siidzasintha molakwika? Gaidi amene maso ake sakuona bwino akhoza kuyesa chiperoni ngati kamtambo wamba, n'kulowetsa alendo m'mavuto. Pulogalamu nayo imadalira tizida timene timaiuza za kuwala, kutentha, liwiro kapena mphamvu ya batire. Kachida kotere kakanama, pulogalamu imachita zolakwika ili ndi chikhulupiriro chonse kuti ikukhoza. Pa vidiyo palibe vuto lalikulu, chithunzi chingoipa basi. Nanga pa ndege yopanda woyendetsa imene yanyamula magazi kupita kuchipatala, kapena pa makina othandiza wodwala kupuma? N'chifukwa chake kafukufuku ameneyu sadathe, ndipo mwina ena mwa inu mudzamupitiriza. Ku Thyolo, boma loyandikana ndi lathu, kuli yunivesite ya MUST imene idatsegulidwa mu 2014, ndipo ku Blantyre kuli MUBAS. Konseko amaphunzitsa za makompyuta.

M'Malawi muno muli m'bale wake wa mapulogalamu amenewa, ndipo ena mwa inu mudamugwirapo m'manja. Ndikunena matabuleti amene ana a m'makalasi oyambirira amaphunzirirapo kuwerenga ndi masamu m'sukulu zina za boma. Pulogalamu yake idapangidwa ndi bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion, ndipo imalankhula Chichewa. Imayamba yamufunsa mwana timafunso tochepa kuti idziwe pomwe wafika, kenako imamusankhira phunziro lomuyenera. Ana awiri okhala moyandikana akhoza kulandira maphunziro osiyana. Ndati m'bale wake chifukwa iyoyo imasintha phunziro, pomwe Rainbow inkasintha kagwiridwe ntchito ka makompyuta enieniwo, koma gudumu ndi lomwe lija: yang'ana, lingalira, konza, chita.

Njira imapangidwa ndi mapazi

Tsopano tifike pa gawo lachiwiri la nkhani yathu. Kodi tidadziwa bwanji kuti matabuleti amenewa amathandizadi? Wofufuza wina wa ku yunivesite ya Nottingham ku Britain, mayi Nicola Pitchford, adabwera pa sukulu ina ya pulayimale mumzinda wa Lilongwe. Adagawa ana m'magulu, ena n'kumaphunzira masamu pa tabuleti kwa milungu 8, ena n'kumaphunzira monga mwa masiku onse. Adawayesa poyamba ndi pomaliza, ndipo adapeza kuti a pa tabuleti aja adapita patsogolo kwambiri. Adalemba zimene adapezazo m'magazini ya akatswiri m'chaka cha 2015. Ofufuza ena adawerenga, adayesanso m'malo ena, ndipo polemba zawo ankatchula dzina lake ndi chaka chimene adalemba. Umboni utachuluka, boma la Malawi lidayamba mu 2023 ntchito yotchedwa BEFIT, yofuna kufikitsa matabuleti otere m'sukulu zonse za pulayimale za boma.

Kutchula dzina kumeneku ndi mwambo waukulu pakati pa ofufuza. Pa Chingerezi amati citation. Aliyense wolemba nkhani ya kafukufuku ayenera kunena poyera kuti, "Nzeru iyi ndaitenga kwa uje, amene adailemba chaka chakuti." Kumapeto kwa nkhani yake amandandalika onse amene wawatchula. Amatero pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi ulemu ndi chilungamo, chifukwa kutenga nzeru ya mnzako n'kumati ndi yako ndi kuba kumene. Chachiwiri, owerenga amene akukayika akhoza kubwerera m'mbuyo, kukapeza nkhani yoyambayo n'kudzionera okha ngati ndi zoona.

Ganizani za njira zokwerera ku Chambe. Padali munthu amene adayamba kudutsa m'udzu. Wachiwiri adaona pomwe udzu wagona n'kutsata. Anthu atadutsa ambiri, njira idaoneka bwino, lero ngakhale mlendo akhoza kuiona. Mukaona njira yopondedwa kwambiri mumadziwa kuti imafikitsa kwina kumene anthu amafuna. Nkhani ya kafukufuku imene yatchulidwa kambirimbiri ili ngati njira yotero. Nkhani ija ya Kephart ndi Chess ya 2003 yatchulidwa m'zolemba za ofufuza ena zoposa 5,000, ndipo n'zovuta kupeza buku la mapulogalamu odzisintha okha limene siliitchula. Nkhani ya Rainbow ndi ija ya ku Dagstuhl nazonso zatchulidwa m'zolemba masauzande. Umu ndi momwe munthu wofika kumene pa phunziroli amadziwira zoyamba kuwerenga.

Amawerenga ndani mapazi onsewa? Mmodzi mwa oyamba kuganiza mozama za zimenezi adali Eugene Garfield wa ku America. Mu 1955 adalemba kuti zingathandize kukhala ndi kaundula wosonyeza yemwe watchula yemwe, ndipo mu 1964 kampani yake idayamba kusindikiza mabuku aakuluakulu a kaundulayo, otchedwa Science Citation Index. Lero ntchitoyo amaigwira makompyuta. Kuyambira mu November 2004 pali Google Scholar, pomwe munthu aliyense akhoza kulemba mutu wa nkhani ya kafukufuku n'kuona kuti yatchulidwa kangati, osalipira kalikonse kupatula bandulo ya intaneti. Ndipotu Google yeniyeniyo idabadwa pa nzeru yomweyi. Larry Page ndi Sergey Brin, ali ophunzira ku yunivesite ya Stanford, adaganiza kuti tsamba la pa intaneti limene masamba ena ambiri akulilozera liyenera kukhala lofunika, monga momwe zilili ndi nkhani yotchulidwa kwambiri.

Kodi nkhani imodzi ingatchulidwe kangati? Mu 2014 magazini ya Nature idawerengera, ndipo idapeza kuti yoposa zonse idali ya Oliver Lowry ndi anzake, yolembedwa mu 1951, imene idali itatchulidwa maulendo oposa 300,000. Siinkanena za nyenyezi kapena za mankhwala odabwitsa. Inkangofotokoza njira yoyezera kuchuluka kwa mapuloteni m'madzi. Koma popeza ofufuza ambirimbiri ankafuna kuyeza zimenezo tsiku ndi tsiku, aliyense ankaitchula, monga momwe mudzi wonse umadutsira njira ya kuchitsime.

Nawa masamu pang'ono oti muyese. Mu 2005 katswiri wina wa ku San Diego, Jorge Hirsch, adapanga nambala yoyezera wofufuza, imene amaitcha h-index. Wofufuza akakhala ndi h ya 10, ndiye kuti ali ndi nkhani 10 zimene iliyonse yatchulidwa ka 10 kapena kuposa. Tiyerekeze kuti mayi wina walemba nkhani zisanu. Yoyamba yatchulidwa ka 9, yachiwiri ka 6, yachitatu ka 3, yachinayi kamodzi, ndipo yachisanu siidatchulidwepo. Kodi h yake ndi chiyani? Werengani musanapitirire. Ali ndi nkhani zitatu zimene iliyonse yatchulidwa katatu kapena kuposa, koma alibe nkhani zinayi zotchulidwa kanayi. Choncho h yake ndi 3.

Manambala amenewa ndi othandiza, koma ine sindiwakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ndikufuna mudziwe chifukwa chake. Njira yopondedwa kwambiri si nthawi zonse imakhala yabwino koposa. Nthawi zina anthu amadutsa pomwe padutsa anzawo osafunsa n'komwe. Nthawi zina nkhani imatchulidwa ndi anthu amene akuitsutsa, koma kompyuta yowerengera siisiyanitsa woyamikira ndi wodzudzula. Ndipo pali njira zabwino zimene udzu umamerapo chifukwa palibe waziona. Mumzinda wa Brno, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, mudali wansembe dzina lake Gregor Mendel amene adatha zaka zambiri akubzala nsawawa m'dimba la nyumba ya ansembe, kufufuza chifukwa chimene mbewu zimatengera maonekedwe a makolo ake. Adasindikiza zimene adapeza mu 1866. Anthu ochepa kwambiri ndiwo adalabadira, ndipo adamwalira mu 1884 ntchito yakeyo isadadziwike. Mu 1900, patatha zaka 34, ofufuza ena adaifukula. Lero mwana aliyense wa sekondale wophunzira za zamoyo amakumana ndi dzina la Mendel. Tikadamuyeza ndi manambala ali moyo, tikadati sadachite kanthu.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi chakuti makaundula amenewa amawerenga kwambiri zolembedwa m'Chingerezi ndiponso m'magazini a maiko olemera. Agogo amene amadziwa kuti mtambo ukakhala mwakuti pamwamba pa Chambe mvula igwa madzulo, kapena gaidi amene wasonyeza ofufuza pomwe mikungudza yakale idali, nzeru zawo zimalowa m'mabuku koma maina awo kawirikawiri salowa m'kaundula. Ofufuza enieniwo akudziwa kuti muyeso umenewu uli ndi zofooka. Mu 2012 gulu lina la akatswiri ndi akonzi a magazini lidakumana ku San Francisco n'kugwirizana kuti munthu aziyesedwa powerenga zimene walemba, osati pongoyang'ana kutchuka kwa magazini imene yasindikiza nkhani yake. Ine ndili kumbali yawo.

Tibwerere kwa nadzikambe uja ndidalonjeza. M'nkhalango za phiri la Mulanje muli mtundu wa nadzikambe umene supezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Amene adayamba kuufotokoza m'mabuku a sayansi ndi Donald Broadley, katswiri wa njoka ndi abuluzi amene ankagwira ntchito m'dziko limene lero ndi Zimbabwe, m'chaka cha 1965. Mpaka lero, ofufuza akamalemba dzina la nyamayi amaphatikizapo dzina la Broadley ndi chaka cha 1965, ndipo kumeneko nakonso ndi kutchula amene adatsegula njira. Mu 2006 ofufuza atatu, Colin Tilbury, Krystal Tolley ndi William Branch, adaona kuti nadzikambeyu ndi wosiyana ndi ena onse moti ayenera kukhala ndi banja lakelake. Pofuna dzina la banjalo, adatenga mawu athu a Chichewa. Dzina lake la sayansi tsopano ndi Nadzikambia mlanjensis. Wofufuza wa ku Japan, wa ku Brazil kapena wa ku Germany akafuna kulemba za nyamayi, amalemba mawu ochokera m'chilankhulo chanu ndi dzina la phiri lanu. Ndidasangalala kwambiri tsiku limene ndidadziwa zimenezi.

Tsopano ntchito ili kwa inu. Pemphani chilolezo kwa mwini foni kunyumba, ndipo muwapemphe akutsegulireni poti kuwala kwa foni kuzisintha kokha. Pa mafoni ambiri a Android pamalembedwa kuti Adaptive brightness. Kachida koyeza kuwala kamakhala kumtunda, pafupi ndi pomwe mumaika khutu. Tulukani nayo foniyo padzuwa, muone zimene galasi lichite. Lowani nayo m'nyumba, muonenso. Kenako, muli padzuwa pomwepo, phimbani kachida kaja ndi chala, mudikire pang'ono, muone mmene pulogalamu imapusitsikira maso ake akatsekedwa. Lembani m'kope zimene mwaona, kuphatikizapo masekondi amene apita isanasinthe. Pansi pake lembani tsiku, dzina la amene wakubwerekani foni, ndi dzina la aliyense amene wakuthandizani kumvetsa, ngakhale akhale mng'ono wanu. Lolemba mukapite nalo kopelo kusukulu, mukaonetse aphunzitsi anu a sayansi.